Makina Akale Amene Ankaimbirana Lamya

Munthu woima padoko la Nkhata Bay tsiku limene Ilala yakocheza amaona chinthu chimene aphunzitsi a za kompyuta akadayenera kuchilingalira. Matumba a ufa wa chinangwa, madengu a usipa ndi mitolo ya malata sizikwera m'sitima mwachipwirikiti ai. Kalaliki amawerenga, mwini katundu amavomera, ndipo chiwerengero chikasiyana amayambanso kuwerenga. Umo ndi mmene makompyuta oyamba a m'nyumba ankatumizirana mau pa nthambo ya lamya zaka zoposa 40 zapitazo.

Chida chake chinali modemu. Popeza nthambo ya lamya inakonzedwera mau a munthu, modemu inkasandutsa zilembo kukhala kulira konga likhweru, kwina kokwera kwina kotsika, ndipo inzake ya tsidya lina inkabweza kulirako kukhala zilembo. Liwiro lake linali zilembo pafupifupi 30 pa sekondi imodzi. Chithunzi chimodzi cha mabaiti mamiliyoni awiri, chonga chimene mwana wa sukulu amajambula lero ndi foni, chikadatha maola oposa 18 chili m'njira.

Tsono wogula Commodore 64, imene inatuluka mu 1982, akafuna kuti makinawo alankhule ndi anzake, nthawi zina ankalemba yekha malangizo m'chinenero cha BASIC. Mzere wakuti OPEN 2,2,0,CHR$(6) unkatsegula khomo la modemu. Kenaka pulogalamu inkazungulira osapuma: kuyang'ana ngati munthu wadina chilembo n'kuchitumiza, kuyang'ananso ngati pa nthambo pafika china n'kuchionetsa. Ikachedwa, zilembo zinkatayika. Panalinso msampha wina, wakuti manambala oimira zilembo pa Commodore sankafanana kwenikweni ndi a ASCII amene makina ena ankatsata, kotero kuti wosasamala ankaona zilembo zazikulu zikufika zazing'ono. Modemu za Hayes zimene zinatuluka mu 1981 zinkamvera lamulo lakuti ATDT lotsatana ndi nambala, n'kuimba lamya zokha.

Koma mdani wamkulu anali phokoso la m'nthambo, limene linkasintha zilembo m'njira. Mu 1977 Ward Christensen wa ku Chicago analemba XMODEM, njira yotumiza uthenga m'timagawo ta mabaiti 128. Wotumiza ankaphatikiza manambala onse a kagawoko n'kuika yankho kumapeto. Wolandira ankaphatikizanso, zikafanana ankavomera, zikasiyana ankaitanitsa kagawo komweko kachiwiri. Ndi nzeru ya kalaliki wa padoko uja, palibenso ina.

Kuno makina otere anali osowa m'makomo, ndipo ngakhale lamya yeniyeniyo anali nayo owerengeka. Komabe Malawi analowa m'nkhaniyi kudzera pa khomo lomwelo. Mu 1993, ku Chancellor College ku Zomba, Dr Paulos Nyirenda anatsogolera ntchito yotumiza makalata pa kompyuta mwa njira ya Fidonet, imene Tom Jennings anayambitsa ku America mu 1984. Makalata ankasonkhana m'makina, nthawi ikakwana modemu n'kuimba lamya, kupereka mtolo wake ndi kulandira wina. Anthu a kunyanja, amene azolowera kudikira Ilala chiyambire 1951, sangavutike kuimvetsa njira imeneyi. Ku Zambia kampani ya Zamnet inabweretsa intaneti mu 1994, ndipo kuno MalawiNet inatsatira mu 1997.

Wina anganene kuti zonsezi ndi fupa lokalamba, losayenera kutayira nthawi ya kalasi pamene mayeso a MSCE ali pakhomo. Mau amenewa ali ndi mbali yake, pakuti palibe bwana amene adzalembe munthu ntchito chifukwa chodziwa kuimbitsa modemu. Koma taonani chimene chimachitika phunziro la kompyuta likangothera pa kutaipa ndi kuloweza maina a zida. Mnyamata amatsiriza Fomu 4 akudziwa kudina, koma uthenga ukakana kupita ali ku Usisya kapena ku Chintheche, sadziwa ngati cholakwa chili pa foni, pa mlongoti kapena pa kukula kwa chimene akutumizacho. Intaneti ya lero imadulabe uthenga m'timagawo, imayesabe ngati tafika bwino, ndipo imaitanitsabe totayika. Makina akale aja anali osauka, ndipo usauka wao ndiwo unkaonetsa poyera zimene makina atsopano amabisa.

Chokondweretsa n'chakuti phunziro limeneli silifuna magetsi, amene sukulu zambiri za kumidzi zilibe. Mphunzitsi atenge ana atatu. Woyamba alembe manambala asanu pa kapepala pamodzi ndi chiphatikizo chake. Wachiwiri, amene akuimira nthambo ya phokoso, asinthe nambala imodzi mobisa. Wachitatu aphatikizenso, ndipo akapeza kusiyana abweze kapepalako. M'kalasi iliyonse simulephera kupezeka mwana wochenjera amene adzaonjeze 2 pa nambala ina n'kuchotsa 2 pa inzake, chiphatikizo n'kukhala chomwecho. Mwana ameneyo wapeza yekha chilema cha XMODEM yoyamba, chimene akatswiri anachikonza pambuyo pake ndi kuyesa kwina kotchedwa CRC, ndipo mphunzitsi ali ndi poyambira phunziro la sabata yamawa.