Mpira Usaiwalitse Mabuku

M'masukulu a sekondale a m'boma la Chongwe muli anyamata ambiri odziwa mpira, ndipo ambiri a iwo amalota kudzabvala malaya a Chipolopolo. Koma kodi akatsiriza sukulu amapita kuti? Oitanidwa ndi matimu akuluakulu ndi owerengeka. Otsalawo amabwerera kumudzi, ena opanda setifiketi yowalowetsa ku koleji.

Nkhani ya Enock Mwepu ndi phunziro lalikulu. Iye anafika mpaka ku timu ya Brighton ku England, koma m'caka ca 2022, ali ndi zaka 24 zokha, madotolo anampeza ndi nthenda ya mtima ndipo analeka kusewera. Ngati mpira unamthera mwadzidzidzi katswiri wotere, nanga mnyamata wa ku Kanakantapa adzadalira ciani?

Mwai uli pafupi. Yunivesite ya Chalimbana, kumene amaphunzitsa aphunzitsi, iri m'boma lomweli, ndipo ku Kasisi amaphunzitsa zaulimi. Polowa ku koleji amafunsa zotsatira za mayeso, osati zigoli.

Cotero makolo ndi aphunzitsi asalole mwana kulowa m'bwalo asanatsirize nchito yace ya sukulu. Mwendo ukathyoka, setifiketi ndiyo idzamdyetsa.