Mafoni ndi mavoti: mlandu ukadali pabwalo

Mu Meyi 2024 bungwe la INCM litakhazikitsa mitengo yatsopano ya intaneti ya m'mafoni, achinyamata anaguba ku Maputo, ndipo mwezi usanathe boma linaimitsa mitengoyo.

Chitadutsa chisankho cha pa 9 Okutobala, zinthu zinafika povuta. Kumapeto kwa mweziwo Facebook ndi WhatsApp zinatsekedwa m'mafoni, pamene Venâncio Mondlane ankalankhula ndi omutsatira pa Facebook pomwepo. Mlimi wa kachewere ku Dómuè wofuna kufunsa mtengo ku Tete anatsekeredwa limodzi ndi a zionetsero.

Chopweteka kwambiri ndi kawerengedwe. CNE inapatsa Daniel Chapo 70,67%, Conselho Constitucional inatsitsa kufika 65,17% pa 23 Disembala, koma osalamula kuwerenganso. Abale a kutsidya kwa Calomué, ku Dedza, anaona khoti likufafaniza chisankho cha 2019 mu Febuluwale 2020, patadutsa miyezi ya zionetsero za HRDC.

Lamulo la kukambirana kwa dziko lonse, la mu Epulo 2025, likutchula zosintha malamulo a chisankho. Chofunika kuti a ku Ulongwe aumirire n'chakuti CNE izisindikiza zotsatira za tebulo lililonse, zimene sinachite mu 2024.