Waya ndi womwewo, manja ndiwo asiyana

Aliyense amene anaimapo pa chipata cha Mwanza, pomwe msewu wa M6 wochokera pa Zalewa umalowera ku Zobue m'dziko la Mozambique, akudziwa piringupiringu wa pamenepo. Madalaivala ali kalikiliki ndi mapepala, apaulendo akugula manachesi, ndipo sichachilendo kuona munthu atagwira njakata chifukwa watsekera makiyi m'galimoto.

Sipatenga nthawi, wodziwa amapezeka. Pa galimoto zakale, waya wopinda kapena chingwe chamfundo chimakoka kabatani ka loko, chitseko n'kutseguka. Galimoto zamakono n'zosiyana. M'zitseko zake mumadutsa mawaya a magetsi, ndipo wosadziwa angaononge zambiri kuposa mtengo woitanira makaniko.

Koma nkhani yaikulu, abale ndi alongo, siili pa waya. Luso limene limapulumutsa mlendo wosowa pogwira ndi lomwenso mbala imabera katundu wa mnzake. Chida sichisankha mwini. Chimamvera mtima wa amene wachigwira. Pa Yohane 10, Ambuye akusiyanitsa mbusa ndi wakuba poona njira imene aliyense walowera m'khola.

N'chifukwa chake tikuti amene Mulungu anakupatsani luso limeneli, musatsegule galimoto chifukwa chakuti munthu wavala bwino kapena walonjeza ndalama. Pemphani chiphaso chake, ndipo chitseko chikatseguka onetsetsani kuti dzina likugwirizana ndi la pamapepala a galimotoyo. Mukakayika, itanani apolisi akhale mboni. Safunsa anadya phula, ndipo wotsegulira mbala sangadzitche wosalakwa.

Pali nthawi imodzi yokha imene mafunso ayenera kudikira. Mwana akatsekeredwa m'kati dzuwa likuswa mtengo, monga limachitira mu Okutobala kuno kum'mwera, galimoto imatentha ngati ng'anjo m'mphindi zochepa, ndipo thupi la mwana limatentha msanga kuposa la munthu wamkulu. Pamenepo musataye nthawi ndi waya. Swani galasi limene lili kutali ndi mwanayo. Galasi limagulidwa kusitolo. Moyo ulibe sitolo.

Kwa eni galimoto, sungani kiyi wachiwiri m'thumba kapena kwa munthu wokhulupirika, ndipo musasiye mwana m'galimoto ngakhale mukungokadinditsa pasipoti. Kwa makolo, mnyamata akamaphunzira kupinda waya, aphunzirenso kuopa chinthu cha mwini. Manja aluso opanda chikumbumtima amathera kundende.