Ola lodikirira nalonso lili ndi mtengo wake

Ku America, wapolisi wa boma lalikulu wofufuza milandu, monga wa FBI, amalandira 25 peresenti pamwamba pa malipiro ake chifukwa chokhala wokonzeka kuitanidwa nthawi iliyonse. Lamulo lake ndi la 1994, ndipo limawerengera kuti tsiku lililonse la ntchito azipereka maola awiri owonjezera, poyang'ana chaka chonse. Alonda a m'malire anapatsidwa lawo mu 2014: wogwira maola 100 pa masabata awiri amawonjezeredwa 25 peresenti, wa maola 90 theka lake.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu simungamvere chisoni mlonda wa m'malire. Komabe pa nkhani yake pali poti tiyang'anitsitse.

Mgwirizanowu si wokoma monga umamvekera. Wofufuza milandu akagwira maola asanu osakonzekera m'malo mwa awiri, ndalama imakhala yomweyo, pakuti anachotsedwa pa ovataimu ya m'lamulo la ntchito la 1938. Choncho mkangano umagona pa funso limodzi: kodi ntchitoyo inalembedwa pa ndandanda sabata isanayambe? Ndalama ya usiku ya ogwira ntchito m'boma, 10 peresenti kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa, imatsata maola olembedweratu. Bwana wosintha shifiti mochedwa akhoza kupulumutsa ndalama. N'chifukwa chake malamulo amati ndandanda idziwike sabata ya ntchito isanayambe, pokhapokha ntchito itati isokonekere kwambiri kapena ikwere mtengo. Amanenanso kuti ngati bwana ankadziwa tsiku ndi maola a ntchitoyo koma sanailembe, ilipiridwe ngati yolembedwa. Mfundo imeneyi ndimaiona yolungama kuposa zonse, chifukwa kuiwala kwa bwana sikulipiridwa ndi wantchito.

Lamulo la 1938 lija linasiya kunja antchito a m'minda ndi a m'nyumba. A m'nyumba analowetsedwa mu 1974, koma ogonera kwa abwana, pamodzi ndi a m'minda, mpaka lero alibe ovataimu m'lamulo la dziko lonse. Boma linavomera kulipira kudikirira kwa munthu wamfuti, n'kutseka maso pa kwa mayi amene amagona khutu lili kwa mwana wa eni nyumba.

Kwa inu amene muli ku South Africa, pepala lili kumbali yanu. Maola a sabata ndi 45. Opitirira apo ndi ovataimu, yogwiridwa mwa pangano, yolipiridwa kamodzi ndi theka. Wantchito wa m'nyumba akauzidwa kukhala tcheru pakati pa 8 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa, pamafunika pangano lolembedwa ndi ndalama yakeyake, ndipo zisapitirire kasanu pamwezi. Khoti la za ntchito linagamula mu 2008 kuti ngakhale wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu, ndipo CCMA ikhoza kumva dandaulo lake.

Kumeneko adzakufunsani masiku ndi maola. Mukamalemba m'kabuku nthawi yoyamba ndi yoweruka, lembaninso ola limene kapitawo kapena adona anakuuzani za kusinthako, ndipo uthenga wa pa WhatsApp musaufufute.