BERING'I YA GUDUMU: TIKONZE TOKHA KAPENA TIPITE KWA MAKANIKO?

Inu aphunzitsi anzanga ndi inu anyamata ndi atsikana amene mwangotsiriza kumene sukulu, lero ndifuna tikambirane za kachitsulo kamene ambiri a ife sitinakaonepo ndi maso, koma kamene kamasenza moyo wathu nthaŵi zonse tikakwera galimoto. Amakaniko amakatcha bering'i, ndipo kamakhala pakati pa gudumu. Kakatha, mwini galimoto amaima pa mphambano: kodi apinde malaya akonze yekha, kapena apite ku galaja akalipire? Ine ndinaimapo pa mphambano imeneyi, ndipo ndinatenga njira yolakwika. N'chifukwa chake ndalemba nkhaniyi, pakuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Tiyambe tadziŵa ntchito ya kachitsuloka. Gudumu silingamangidwe ku galimoto monga khasu ku mpini, chifukwa liyenera kuzungulira. Motero pakati pa chitsulo chozungulira ndi chitsulo choima pamakhala mphete ziŵiri zolimba kwambiri, ndipo pakati pa mphetezo pamayenda timipira kapena timigolo tachitsulo tosalala, todzozedwa girizi. Aliyense amene anamasulapo habu ya njinga yakapalasa anationa timipira totere. Tsono taganizani katundu wake. Galimoto yaing'ono yolemera makilogalamu 1,200 imasenzetsa gudumu lililonse makilogalamu ngati 300, tisanaŵerengere anthu ndi matumba a chimanga. Tayala la galimoto yotere likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2, ndiye kuti pa kilomita imodzi limazungulira ka 500. Pa ulendo wochokera ku Blantyre kufika ku Lilongwe, wa makilomita oposa 300, gudumu lililonse limakhala litazungulira koposa ka 150,000. Onjezanipo maenje a m'miseu yathu, fumbi la chilimwe ndi madzi a dzinja amene amaloŵa akapeza mpata n'kuononga girizi, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake mabering'i amatha msanga kuno kwathu.

Nditagula galimoto yanga yoyamba, yogwirapo kale ntchito ku Japan monga ambiri a magalimoto a m'miseu mwathu, ndinayenda nayo bwino kwa chaka. Tsiku lina ndili pa mseu wa M1 ndinamva kulira kwachilendo, konga kwa ndege imene ili kutali, kochokera ku gudumu lakutsogolo. Ndinafunsa mtengo ku galaja ina, ndipo nditauyerekeza ndi malipiro a uphunzitsi ndinangoti zikomo, n'kutuluka. Mumtima ndinati: munthu amene anapambana mayeso a ku yunivesite angalephere bwanji kuchotsa chitsulo chakale n'kuikapo chatsopano? Ndinaonera makanema aŵiri atatu pa foni, ndinagula bering'i, ndipo Loŵeruka m'maŵa ndinaitana msuweni wanga. Anthu a m'makanema aja anali ndi makina otsindikira, ife tinali ndi hamala ndi kachidutswa ka paipi. Tinamenya kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kupendeka, ndipo bering'i inaloŵa. Usiku umenewo ndinagona ndikudzitama.

Sipanathe mwezi, kulira kuja kunabweranso, kwakukulu kuposa poyamba. Ndinapita mwamanyazi kwa makaniko wina wachikulire amene anzanga anandilozera. Iwo anatulutsa bering'i ija, naitsegula, napukuta mphete yake ndi kansanza, nandionetsa timaenje ting'onoting'ono tondandana mozungulira. Anati, "Aphunzitsi, iyi munaipha isanayambe ulendo. Kumenya kulikonse kwa hamala yanu kumadinda timipirati m'mphete." Ndinagula bering'i yachiŵiri, ndinagulanso habu imene tinaipweteka pomenya, ndipo ndinalipira ntchito imene ndinkaithaŵa ija. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Mwina mukuganiza kuti mathero a nkhaniyi ndi akuti tonse tizingopita kwa makaniko. Iyayi. Chimene ndinaphunzira n'chakuti funso lija tinalifunsa molakwa. Timafunsa kuti, "Njira yotchipa ndi iti?" pamene tikadayenera kufunsa kuti, "Kodi bering'i ya galimoto iyi ndi ya mtundu wanji, ndipo ndani ali ndi zipangizo ndi luso loyenera mtundu umenewo?" Pakuti mabering'i a magudumu ali m'magulu atatu, ndipo yankho la gulu lina si yankho la gulu linzake.

Gulu loyamba ndi lakale, la timigolo tosongoka mbali imodzi. Mtundu umenewu anaulembetsa ku America mu 1898 munthu wina wopanga ngolo zokokedwa ndi akavalo, dzina lake Henry Timken, ndipo kampani ya dzina lakelo ikupangabe mabering'i mpaka lero. Mumaupeza m'magudumu a Land Rover zakale, kutsogolo kwa Land Cruiser ndi Hilux zakale, ndiponso m'ngolo zambiri zokokedwa ndi galimoto. Mabering'i aŵa amakhala aŵiriaŵiri, amamasuka, amatsukidwa, amapakidwa girizi watsopano, ndipo amamangidwa ndi nati imene munthu amaisintha kuthina kwake. Ntchito iyi munthu wodekha angathe kuigwira pakhomo. Komabe ili ndi malamulo ake. Posintha timigolo muyenera kusinthanso mphete yake, pakuti ziŵirizi zimathera limodzi. Nati ikathina kwambiri bering'i imatentha n'kupsa. Ikalekerera gudumu limagwedera. Kaphini kotsekera nati kazikhala katsopano nthaŵi zonse. Kuthina koyenera kumalembedwa m'buku la galimotoyo, koma dzanja limakuphunzira poima pambali pa munthu wodziŵa.

Gulu lachiŵiri ndi limene linandigwetsa ine. Iyi ndi bering'i yotsekedwa, yobwera ndi girizi wake m'kati, imene imaloŵetsedwa mothina m'chitsulo chogwira gudumu. Imapezeka kutsogolo kwa magalimoto ang'onoang'ono ambiri okoka ndi magudumu akutsogolo, monga Toyota Corolla zambiri. Kuti ituluke ndi kuloŵa pamafunika makina otsindikira okankha ndi mphamvu ya matani angapo, ndipo mphamvuyo iyenera kugwera pa mphete yoyenera yokha, osadutsa m'timipira. Zina mwa izi zimakhala ndi maginito kumbali imodzi, amene amauza mabuleki a ABS liŵiro la gudumu. Mukaiika chagada, mabulekiwo amaleka kuŵerenga gudumu limenelo. Potsiriza pali nati yaikulu ya pa shafuti, imene pa magalimoto ambiri imafuna kuthina koyezedwa koposa 200 Nm. Kuthina kumeneku sikuyezedwa ndi kuponda sipanala ndi phazi, koma ndi sipanala yapadera yotchedwa torque wrench. Ngati mulibe zipangizo ziŵirizi, ntchito iyi si yanu, ngakhale mutakhala ndi madigiri atatu.

Gulu lachitatu ndi lamakono: bering'i imabwera yomangidwa kale pamodzi ndi habu yake, ndipo chonsecho chimagwidwa ndi mabauti, kaŵirikaŵiri atatu kapena anayi. Chimagulidwa modula, koma kuika kwake n'kosavuta, pokhapokha dzimbiri litachigwira. Munthu amene ali ndi masipanala oyenera, buku la galimoto yake ndi choyezera kuthina chija angathe kuchisintha yekha Loŵeruka limodzi.

Tsono ndimve dandaulo la mnzanga wophunzitsa ku sukulu yakumudzi. Iye adzati, "Iwe ukulankhula za m'tauni. Kuno galaja ili kutali, ndalama n'zosoŵa, ndipo amakaniko ena amagwiritsa hamala yomweyo imene ukuitsutsayo." Dandaulo ili n'loona, ndipo sindilinyoza. Si aliyense wovala ovolosi yakuda ndi mafuta amene ali mmisiri. Alipo ena amene amamenya bering'i ndi hamala pamaso pa mwini galimoto, mwiniyo n'kumathokoza chifukwa sadziŵa kuti akuonerera ndalama zake zikuphedwa. Alipo ena amene amasintha bering'i yabwinobwino pamene cholira ndi tayala lodyeka mbali imodzi. Komatu izi zikungotsimikiza mfundo yanga. Umbuli ndi umene umatipweteka mbali zonse ziŵiri: umatichititsa kugwira ntchito imene sitingaithe, ndipo umatichititsanso kuipereka kwa munthu amene sangaithe.

Pa za ndalama, ilipo njira yapakati imene makaniko wachikulire uja anandiphunzitsa. Munthu wozoloŵera masipanala angathe kumasula yekha chitsulo chogwira gudumu, n'kuchinyamula pa njinga kapena m'minibasi kupita nacho kumene kuli makina otsindikira, n'kulipira kutulutsa ndi kuloŵetsa kokha. Akachibwezera, apite akayezetse kaimidwe ka magudumu, chifukwa kangathe kusokonekera. Pogula bering'i, atenge nambala ya galimoto yake kapena ya bering'i yakaleyo, ndipo asathamangire yotchipa koposa zonse yopanda dzina lodziŵika. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ntchito yoika bering'i yachabe ndi yofanana ndi yoika yabwino.

Koma pali gawo limodzi limene sitiyenera kulisiyira munthu wina aliyense, ndilo kuzindikira matenda. Bering'i siifa mwadzidzidzi; imayamba yadandaula. Kulira kwake kumakula pamene liŵiro likukula, ndipo sikusintha mukasintha giya. Pa mseu wopanda anthu, khotetsani pang'ono chiongolero. Mukakhotera kumanzere kulemera kumapita ku magudumu akumanja, ndipo kulira kukakula pamenepo, kaŵirikaŵiri wodwala ali kumanjako. Mukafika pakhomo, imikani galimoto pamalo osalala, tchingani magudumu ena ndi miyala, kwezani gudumu lokayikitsalo, ligwireni pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Lisagwedere. Kenaka lizungulizeni ndi dzanja, mumvetsere ngati likukhukhuluza monga mphero. Ngati lagwedera, kumbukirani kuti zitsulo zina zolumikiza gudumu nazonso zikatha zimagwedeza chimodzimodzi, ndiye nenani kwa makaniko zimene mwaona, iye atsimikize. Ndipo chonde, musaloŵetse mutu kapena mwendo pansi pa galimoto yoimira jeke yokha. Jeke ndi yokwezera chabe. Chogwirizira chikhale china, cholimba.

Mukafika ku galaja, musachite manyazi kufunsa. Kodi muli ndi makina otsindikira? Kodi nati ya pa shafuti muimanga ndi chiyani? Kodi mundionetsa bering'i yakaleyo mukaitulutsa? Mmisiri weniweni sakwiya ndi mafunso otere, amakondwa kuti wapeza munthu woyamikira luso lake. Amene wakwiya wakuyankhani kale. Safunsa anadya phula.

Wina anganene kuti ndakulitsa nkhani yaing'ono. Koma bering'i yonyalanyazidwa imatentha, imagwedeza gudumu mpaka mabuleki kusagwira bwino, ndipo pamapeto pake ingathe kuuma kapena kusweka galimoto ili pa liŵiro, gudumu n'kuchoka. Pamenepo wolipira si mwini galimoto yekha. Ndi ana amene akhala kumbuyo, ndi mayi amene akuyenda m'mbali mwa mseu ndi mtolo wa nkhuni pamutu, amene sanafunsidwe maganizo pamene ife tinkaŵerengera ndalama zopulumutsa. Munthu ali ndi ufulu woyesera luso lake pa wailesi ya galimoto kapena pa chitseko chovuta. Pa gudumu ufulu umenewo ndi wochepa, chifukwa mseu ndi wa tonse.

Potsiriza ndilankhule ndi inu amene mwangolemba mayeso a Fomu 4. Chimene chinandipusitsa ine sichinali umphaŵi wokha, koma kunyoza kobisika kumene sukulu imadzala mwa ife osadziŵa: kuganiza kuti ntchito ya manja ilibe nzeru, ndi kuti wophunzira mabuku angaitole tsiku limodzi. Makaniko uja sanafike kumene ndinafika ine m'maphunziro, koma za kukhuzana kwa zitsulo, za kutentha ndi za mphamvu, zimene timalemba pa bolodi m'phunziro la sayansi, iye anazidziŵa ndi zala zake. Ngati zitsulo zimakukokani mtima, musadzione ngati olephera. Chiyambire 1999 dziko lino lili ndi bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo umakaniko umaphunzitsidwa m'makoleji a zaumisiri monga a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Magalimoto a masiku ano, odzaza ndi mawaya ndi makompyuta, akufuna amisiri odziŵa kuŵerenga buku ndi kukhulupirira muyezo. Amisiri otero ndinu amene mwadutsa m'kalasi.

Ndipo ife aphunzitsi, pophunzitsa za kukhuzana kwa zinthu, bwanji osapempha bering'i yakutha ku galaja yapafupi, n'kuiika m'manja mwa ana kuti aizungulize okha, aimve kukhukhuluza kwake? Yanga ija ndinaisunga. Ili m'kabati ya ku sukulu, ndipo chaka chilichonse ndimaonetsa ana timaenje tija, ndi kuŵauza mosabisa kuti anatidinda ndi mphunzitsi wawo.