Alendo ake ati amene China imawalandira bwino?

Akonzi,

Ndawerenga nkhani ya sabata yatha yotamanda dziko la China kuti limalandira alendo ndi manja awiri, umboni wake n'kukhala azungu amene akusangalala ku Shanghai. Mlembi wanu walemba za mbali imodzi yokha, ndipo wasocheretsa owerenga.

Inde, khungu loyera lili ndi msika kumeneko. Sukulu zambiri zophunzitsa Chingerezi zakhala zikulemba ntchito mzungu wolankhula Chingerezi chothyokathyoka, n'kukana munthu wakuda wa madigiri. Makampani ena ogulitsa nyumba ankachita kubwereka azungu, kuwaveka suti, n'kuwaimika pamwambo kuti aoneke ngati mabwana ochokera kunja. Kodi umenewo ndi ulemu? Mzunguyo akugulidwa nkhope basi. Akhaleko zaka 20, Chitchaina achilankhule ngati mbadwa, amamuonabe kuti ndi wobwera, ndipo unzika saupeza wamba.

Nanga ife akuda? Mu Epulo 2020 ku Guangzhou, anthu ochokera ku Africa anathamangitsidwa m'nyumba za lendi ndi m'mahotela powaganizira kuti akufalitsa Covid-19, ena mpaka kugona pamsewu. Malo odyera a McDonald's mumzindawo anaika chidziwitso choletsa anthu akuda kulowa, kampaniyo n'kupepesa pambuyo pake. Akazembe a mayiko a mu Africa ku Beijing anachita kulemba kalata yodandaula.

Akonzi, ana athu akupita ku China kukaphunzira ndi kukaoda katundu. Auzeni zoona kuti anyamuke akudziwa, ndipo boma lathu lisamachite mantha kuwalankhulira akanyozedwa.

Wowerenga wokhudzidwa,
Lilongwe