Phunziro la Nkhalango ya Chikangawa

Pamene boma linayamba kubzala mitengo ya paini yochuluka pa mapiri a Viphya m'chaka cha 1964, cholinga chinali chakuti mitengoyo idzagayidwe ndi kupangira mapepala. Nkhalango ya Chikangawa inakula kufikira mahekitala oposa 50,000, ndipo fakitale yake inayenera kumangidwa ku Chintheche, m'mphepete mwa nyanja.

Fakitaleyo sinamangidwe. Inafuna ndalama zochuluka zedi, komanso panali mantha akuti zonyansa zake zidzaononga madzi ndi nsomba. Motero ntchito zimene achinyamata akadapeza kumeneko zinalephereka, koma nyanja imene imadyetsa mabanja osawerengeka inapulumuka. Mitengo ija inasanduka ya matabwa.

Vuto linadza pambuyo pake. Paini amatenga zaka pafupifupi 25 kuti akhwime, pamene macheka amamugwetsa m'mphindi zochepa chabe. Ocheka anachuluka, matabwa ankagulitsidwa mpaka kunja kwa dziko, moto unkalusa m'chilimwe, ndipo kubzala kunatsalira m'mbuyo. Madera ambiri munatsala zitsa zokhazokha.

Kudula mtengo si kulakwa, popeza unabzalidwira zomwezo. Kulakwa ndiko kudula malo aakulu koposa amene akubzalidwanso ndi kutetezedwa ku moto. Nkhalango yokhwima pa zaka 25 imalola kudula gawo limodzi lokha mwa magawo 25 chaka chilichonse. Wopyola pamenepo akudya mbewu. Opereka zilolezo ayenera kusunga masamu amenewa, ndipo aphunzitsi awaphunzitse kwa ana amene adzalandira nkhalangoyi.